Piyano, besi ndi ng'oma: chimbale choyambira ndi chiti?

Gulu la jazi la anthu atatu limakhala ndi zida zomwezomwezo pafupifupi kulikonse: piyano ya makiyi 88, besi yaikulu yathabwa ya zingwe zinayi imene woimba amaiimika pansi, ndi ng'oma. Palibe woimba pakamwa, palibe lipenga, ndipo chida chilichonse chimatulutsa mawu pachokha osadalira magetsi. Munthu angaganize kuti zimbale za magulu otere n'zofanana, ukamva chimodzi wamva zonse. Koma ikani chimbale cha woimba piyano Bill Evans cha mu Juni 1961, kenako cha woimba piyano wina, Oscar Peterson, cha mu Disembala 1962. Mudzamva ngati ndi mitundu iwiri ya nyimbo.

Kusiyanako sikuchokera pa luso la zala, chifukwa onse amene nditchule pano ndi akatswiri. Kumachokera pa mmene atatuwo agawanirana ntchito. Wagwira kugunda kwa nyimbo ndani? Akulankhula ndani, akuyankha ndani, ndipo amene wakhala chete wasiyira yani mpatawo? Mukadziwa kagawidwe kamene khutu lanu limakonda, kusankha chimbale sikuvutanso.

Poyamba, m'magulu ambiri a atatu ng'oma sizinalimo n'komwe. Gulu la Nat King Cole, limene linayamba mu 1937, linali la piyano, gitala ndi besi, ndipo ambiri anatengera zomwezo. Peterson anali ndi gitala m'gulu lake mpaka 1958, Ahmad Jamal nayenso anayamba choncho. Vuto la gitala ndi piyano n'lakuti zonse ziwiri zimatha kuliza manoti angapo nthawi imodzi, choncho oimbawo amayenera kupangana pasadakhale kuti asapondane. Ndi ng'oma mkangano umenewo kulibe. Bud Powell atajambula nyimbo mu 1947 pamodzi ndi Curly Russell pa besi ndi Max Roach pa ng'oma, anaonetsa zimene wa piyano angachite akamasuka: dzanja lamanja kuthamanga lokha ndi chuni, lamanzere kungoponyera apo ndi apo, kugunda n'kusiyira anzake awiri aja. Zimbale zitatu zimene ndikhalitsepo kwambiri zinatuluka kaimbidwe kameneka katakhwima, ndipo chilichonse chinakatengera mbali yake.

Peterson: mmodzi patsogolo, awiri akukankha

Night Train, chimbale cha mu Disembala 1962 chija, chinajambulidwa mu situdiyo ku Los Angeles, Ray Brown ali pa besi, Ed Thigpen pa ng'oma. Peterson, wobadwira ku Montreal mu 1925, anali ndi zala zaliwiro kuposa pafupifupi aliyense wa m'nthawi yake, ndipo pa zimbale zina amachita kusefukira mpaka womvera kutopa. Apa anadzigwira. Nyimbo zambiri n'zazifupi, ndipo zochuluka zakhazikika pa blues, kaimbidwe kamene khutu limazolowera msanga chifukwa kamazungulira n'kubwerera pomwe kanayambira.

Aliyense ntchito yake ndi yodziwika. Brown amaponda kamodzi pa kugunda kulikonse, du du du du, mawu onenepa, osaphonya. Thigpen amasesa ng'oma ndi maburashi awaya, kapena kugogoda mbale yachitsulo mosamala. Piyano ndiye imalankhula. Zotsatira zake n'zakuti phazi lanu limayamba kugunda pansi musanaganize n'komwe, ndipo zimenezi ndi zimene anthu a jazi amati swing. Ngati simunamvepo chimene mawu amenewa amatanthauza m'thupi, palibe chimbale china chimene chingakuphunzitseni msanga kuposa ichi.

Nyimbo yomaliza, Hymn to Freedom, anaipeka Peterson mwiniwake. Imayamba ndi piyano yokha, modekha, mwa kaimbidwe ka m'tchalitchi. Besi ndi maburashi zimalowa mwakachetechete. Chakumapeto Peterson amanjenjemeretsa manja onse awiri pa makiyi, Thigpen n'kumuthandiza ndi mkokomo wa ng'oma, mawu n'kukula, n'kukula, kenako n'kutsika mpaka pansi penipeni. Ndi nyimbo yokhudza mtima ngakhale kwa munthu amene alibe chidwi ndi jazi.

Chofooka chake n'chakuti zodabwitsa n'zochepa. Mukachimva kangapo mumadziwa kumene chikupita, ndipo wa besi ndi wa ng'oma, ngakhale ndi akadaulo, sachoka kawirikawiri pamalo awo.

Jamal: luso losiya mpata

At the Pershing: But Not for Me chinajambulidwa pa 16 Januwale 1958 mu hotela ya Pershing ku Chicago, kumene gululi linkaimba usiku ndi usiku. Israel Crosby anali pa besi, Vernel Fournier pa ng'oma. Muli nyimbo 8 zokha, zotenga pafupifupi theka la ola, koma chinakhala pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri kwa masabata oposa 100, zomwe sizichitikachitika kwa kagulu ka jazi kakang'ono chonchi.

Pamene Peterson amadzaza, Jamal amasiya. Amayamba chuni, akafika pakati n'kuchotsa manja, ndipo manoti amene mumayembekezera amamalizika m'mutu mwanu uku besi ndi ng'oma zikupitiriza zokha. Amakonda mbali yakumanja ya piyano kumene mawu ake ndi aang'ono owala, ndipo amaimba motsitsa kwambiri. Mwadzidzidzi amagwetsa manja onse awiri kuti phaa, n'kubwereranso pansipansi ngati palibe chachitika. Chifukwa piyano sikutseka malo onse, mumamva noti iliyonse ya Crosby, ndipo mumazindikira kuti besi nayo ikuimba chuni chakechake.

Mvetserani Poinciana, nyimbo ya mphindi 8. Fournier anali wa ku New Orleans, ndipo kugunda kwa nyimboyi anakutenga ku mabandi oguba m'misewu ya kumeneko. Dzanja limodzi limagogoda mbale yachitsulo pakatikati pa kugunda, lina likuyankha pa ng'oma zamawu otsika, ndipo mayendedwe amenewa sasintha kwenikweni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Crosby wagwira kachigawo kake ka manoti ochepa. Pamwamba pa maziko amenewa Jamal amalowa, amatuluka, amabwereza kamawu kamodzi kambirimbiri mpaka inu womvera mukuchita kulakalaka kuti kasinthe. Akakasintha, mumapeza kuti munali mutagwira mpweya.

Olemba za jazi ena panthawiyo ankamuderera, ati amangoimba zosangalatsa anthu akumwa m'mahotela. Miles Davis, katswiri woimba lipenga, sanagwirizane nawo. Ankamutamanda poyera, anajambula nyimbo zingapo zimene Jamal ankakonda kuimba, ndipo ankalimbikitsa Red Garland, woimba piyano wa m'gulu lake, kuti atengereko kapepukidwe ka manja kameneka. Ine ndili kumbali ya Davis. Kuimba manoti ochepa n'kumvekabe kuti nyimbo yadzaza ndi ntchito yovuta kuposa kuthamanga.

Dziwani chabe kuti zambiri pa chimbalechi zinakonzedwa pasadakhale: polowera, potulukira, pokweza ndi potsitsa. Amene akufuna kumva munthu akupeka pompopompo kwa nthawi yaitali angaone kuti apa zachepa.

Evans: atatu onse akulankhula

Apa ndiye pamene zinthu zinasinthiratu. Bill Evans anali ataimba kale pa Kind of Blue cha Miles Davis mu 1959, ndipo chaka chomwecho anapanga gulu lake ndi Scott LaFaro pa besi ndi Paul Motian pa ng'oma. Maganizo ake anali akuti wa besi asamangidwe pa kuponda kanayikanayi nyimbo yonse. Ngati onse atatu akumva kugunda mumtima, palibe chifukwa choti mmodzi azikulengeza nthawi zonse. Aliyense akhoza kulankhula, kuyankha, kapena kulowerera mnzake ali pakati.

Lamlungu pa 25 Juni 1961 gululi linajambulidwa likuimba masana ndi madzulo ku Village Vanguard, kalabu yaing'ono ya m'chipinda chapansi ku New York. Pa zimene zinajambulidwa tsiku limenelo kampani ya Riverside inatulutsa zimbale ziwiri, Sunday at the Village Vanguard ndi Waltz for Debby. Pa 6 Julayi LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 25. Evans zinamupweteka kwambiri moti anakhala miyezi osaimba pagulu. N'chifukwa chake chimbale cha Sunday, chomwe chinatuluka poyamba, chinasanjidwa mokumbukira LaFaro: chimayamba ndi nyimbo yake Gloria's Step, n'kutha ndi ina yakenso, Jade Visions.

Ziwirizi n'za tsiku limodzi, koma kakomedwe kake n'kosiyana, ndipo ambiri amasokonezeka posankha. Sunday chimaika besi patsogolo. LaFaro amakwera m'mwamba mwa zingwe zake, mwaliwiro lomwe linali lachilendo pa besi nthawi imeneyo, ndipo nthawi zina amayankha piyano chiganizo chisanathe. Kwa woyamba kumene, izi zikhoza kumveka ngati kudulana mawu. Waltz for Debby n'chofatsa, chuni chimamveka poyera, ndipo n'chimene ndingapatse munthu amene akufuna kulawa Evans koyamba. Debby wotchulidwayo anali mwana wa mchimwene wake.

Tengani nyimbo yoyamba ya Waltz for Debby, ya My Foolish Heart. Ikuyenda pang'onopang'ono zedi. Evans amadina manoti angapo pamodzi, oyandikana, motsitsa, koma noti yapamwamba imene yanyamula chuni imamveka yowala pang'ono kuposa zinzake. Kusiyanitsa mphamvu ya zala za dzanja limodzi chonchi ndi kumene kumapangitsa piyano yake kumveka ngati ikuimba pakamwa. Dzanja lamanzere nthawi zambiri silidina noti ya maziko, limaisiyira besi, choncho mawu a piyano amakhala ngati akuyandama ndipo LaFaro ndiye amasankha pomwe atere. Motian akusesa ndi maburashi, swaa, swaa, n'kukhudza mbale yachitsulo imene imapitiriza kulira yokha kwa kanthawi. Kuseri kwa zonsezi kukumveka matambula akugundana, anthu akucheza, wina akuseka. Anthu a m'chipindamo ena sankamvetsera n'komwe. Ena phokoso limeneli limawakwiyitsa. Kwa ine limandiyandikitsa kwa oimbawo, chifukwa ndimamva kukula kwa chipindacho ndi pamene aliyense wakhala.

Chimbale chotere chimafuna khutu lonse. Mukachiika uku mukugwira ntchito ina chimasanduka kaphokoso kofewa kosagwira mtima, ndipo mwina mudzadabwa kuti anthu amachitamandira chiyani. Swing ilimo, koma sikukokani phazi ngati ya Peterson, ili mkati. Mphotho yake imabwera mukabwereza. Ulendo wina tsatirani besi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ulendo wina ng'oma zokha, ndipo mudzapeza kuti nyimbo imodzimodziyo ili ndi njira zitatu zoyendamo. Amene sakonda phokoso la anthu akhoza kupita ku Portrait in Jazz, cha gulu lomweli, chojambulidwa mu situdiyo mu Disembala 1959. Maganizo ake ndi omwewo ngakhale anali asanakhwime ngati mu 1961.

Njira zina zimene zinatseguka

Kucheza kwa anthu atatu sikukhala kwamtendere nthawi zonse. Money Jungle, chojambulidwa pa 17 Sepitembala 1962, chinakumanitsa Duke Ellington pa piyano, ali ndi zaka 63, ndi Charles Mingus pa besi ndi Max Roach pa ng'oma, onse awiri omuchepera ndi zaka zoposa 20. Atatuwa sanali gulu lozolowerana, ndipo kukokanakokana kumamveka m'nyimbo momwe. Pa nyimbo yoyamba Mingus amakhadzula noti imodzi mobwerezabwereza mwaukali, Ellington n'kumuyankha ndi manja olemera. Komabe pa chimbale chomwechi pali Fleurette Africaine, pamene besi imangonjenjemera chapansipansi mozungulira piyano, ng'oma zikugunda mofewa. Sichoyambira ichi. N'cha munthu amene wamva zosalala zokwanira ndipo akufuna zokhakhala.

Keith Jarrett pa piyano, Gary Peacock pa besi ndi Jack DeJohnette pa ng'oma anatenga ufulu wa Evans n'kuupatsa nthawi. Anakumana mu situdiyo ku New York mu Januwale 1983 kukajambulira kampani ya ECM nyimbo zakale zodziwika, popanda kukonzeratu kaimbidwe kake, ndipo anakhala limodzi zaka zoposa 30. Chowasiyanitsa ndi kutalika kwa mpweya. Nyimbo imene ena amaimaliza m'mphindi zisanu iwo akhoza kuitambasula, chuni chikatha n'kukhazikika pa kachigawo kamodzi n'kumakazunguliza mpaka katabala nyimbo ina. Pa zimene anajambula ku kalabu ya Blue Note ku New York mu 1994, masiku atatu amene anadzaza ma CD 6, Autumn Leaves imapitirira mphindi 26. Pali chinthu chimodzi choti mudziwiretu: Jarrett amabuula ndi kung'ung'udza pakamwa akamaimba, ndipo zimamveka bwinobwino. Ena amazolowera, ena zimawalepheretseratu. Yesani Standards, Vol. 1 musanadzipereke ku zazitalizo.

Brad Mehldau, pa zimbale zake zisanu za The Art of the Trio za pakati pa 1997 ndi 2001, anabweretsa nyimbo za Radiohead ndi Nick Drake m'gulu la atatu, ndipo dzanja lake lamanzere limaimba chuni chake palokha pamene lamanja likuimba china. Ndi khomo labwino kwa amene anakula akumvera rock. Tord Gustavsen wa ku Norway, pa Changing Places cha mu 2003, amaimba motsitsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kaimbidwe ka nyimbo za m'tchalitchi kamamvekamo. N'chokoma usiku, ngakhale kwa ine kufatsako kumafika pofanana nyimbo ndi nyimbo.

Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town ali ndi malo akeake. Ellington anamumva ku Zurich mu 1963, pamene Ibrahim ankadziwika kuti Dollar Brand, ndipo anakonza zoti gulu lake, la Johnny Gertze pa besi ndi Makaya Ntshoko pa ng'oma, likajambule ku Paris. Chimbale chimenecho, Duke Ellington Presents the Dollar Brand Trio, chili ndi mawu akuthwa, piyano ikumenyedwa molimba. Pofika pa Cape Town Flowers cha mu 1997 kaimbidwe kake kanali katadekha: chuni chosavuta kukumbukira, chozungulira mwa marabi (nyimbo zakale zovina za m'matauni) ndi nyimbo za m'tchalitchi za ku South Africa, besi ndi ng'oma zikuyenda naye mosapupuluma. Pa kusiya mpata ali pafupi ndi Jamal, koma mtima wa nyimbo zake ndi wina.

Zapagulu kapena za mu situdiyo, ndi chomvera

Mwa zitatu zikuluzikulu zija, ziwiri zinajambulidwa pamaso pa anthu. Sizinangochitika mwangozi. Gulu la atatu likaimba malo amodzi kwa masiku ambiri limafika podziwana mpweya, ndipo chojambulira chimagwira kuzolowerana kumeneko. Situdiyo imapereka mawu oyera ndi nyimbo zofupikirapo, koma kawirikawiri oimba amakhala osamala. Musataye chimbale chifukwa choti mawu ake ndi akale. Concert by the Sea cha Erroll Garner, chojambulidwa ku Carmel ku California mu 1955, besi yake imamveka movutikira, komabe chisangalalo cha piyanoyo n'chimene chinachipangitsa kukhala chimodzi mwa zimbale za jazi zogulidwa kwambiri pa nthawi yake.

Chomvera nacho chili ndi mbali yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika a besi yathabwa, choncho munthu mmodzi mwa atatuwo amasowa. Kwa Peterson mumataya chimene chikukankha nyimbo. Kwa Evans mumataya theka la nkhani, chifukwa piyano inasiyira besi dala manoti a maziko. Mahedifoni wamba, ngakhale osakhala apamwamba, amabweza wa besiyo pamalo pake. Komanso musakweze kwambiri poyamba, chifukwa nyimbozi zimatsika n'kukwera mwadzidzidzi, makamaka za Jamal.

Tsono muyambire pati? Amene akufuna nyimbo yomugwira thupi lero lomwe, kapena yoika pali alendo amene sakonda jazi, atenge Night Train. Amene ali ndi nthawi yokhala phee, ndipo savutika kubwereza chimbale chimodzi kambirimbiri, apite ku Waltz for Debby, kenako ku Sunday khutu likazolowera LaFaro. Koma munthu atandifunsa chimbale chimodzi chokha, ndingamuuze At the Pershing. Chili ndi kugunda kokwanira kukoka woyamba kumene, n'chachifupi moti mukhoza kuchimaliza osatopa, ndipo chifukwa piyano imasiya mpata, khutu limaphunzira lokha kumva besi ndi ng'oma ngati anthu olankhula. Mukachokera kumeneko, Evans savutanso kumva. Mukapeza kuti Poinciana yakutherani msanga ndipo mumafuna ikanapitirira, chotsatira chanu ndi Jarrett.